Mafuta a ku Joni ndi Phazi la NyaShaba

Anthu akandifunsa ntchito imene ndinkagwira ku Joni, ndimawayankha kuti ndinkaima. Amaseka, amaganiza kuti ndikubisa, koma zoona zake n'zomwezo. Ndinali mlonda pa geti la malo oimikapo magalimoto kuseri kwa mashopu, ndipo ntchito yanga inali kuima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kukweza chitsulo galimoto ikafika, kuchitsitsa ikadutsa. Kwathu ku Engutwini ankati mwana wathu ali pa ntchito yabwino, amavala yunifomu. Yunifomuyo inalipodi. Za mapazi amene anali m'munsi mwake palibe amene ankafunsa.

Ndinanyamuka chaka chimene chimanga chinapsa ndi dzuwa chisanamasule. Mkazi wanga NyaShaba ndi ana athu awiri ndinawasiya m'manja mwa akulu anga, a Yotamu, monga timachitira kwathu. Mkazi wa lobola amakhala pamudzi pa mwamuna wake, ndipo mwamunayo akachoka, mkulu wa pakhomo ndiye amayang'anira zonse ndi kuyankhulira onse. Pa Jenda, tikudikira galimoto ya a Mhango, transipota amene ankanyamula anthu ndi katundu pakati pa Mzimba ndi Joni, a Yotamu anandigwira phewa.

"Mbwenu iwe pita ukagwire ntchito, khazika mtima pansi," anatero. "Za kuno undisiyire ine. Mlamu wangayu ndimusunga ngati dzira."

NyaShaba anali ataima chapatali, Wezi wathu ali kumsana. Pamaso pa alamu ake sakananena zambiri. Anangoti, "Mukafika mutiuze, adada a Wezi," n'kuyang'ana pansi.

Za ulendowo sindinena zambiri. Aliyense wa kwathu ali ndi m'bale wake amene anaudutsa, ndipo nkhani zake n'zofanana: kupanikizana ndi matumba a ufa ndi nyemba, fumbi la ku Tete, apolisi a m'njira amene amakuyang'ana m'thumba asanakuyang'ane kumaso. Ndinafika miyendo itatupa, osadziwa kuti kutupa kumeneko kunali moni chabe.

Ndinkakhala m'kanyumba ka malata okhaokha, kamene kumeneko amati mkhukhu, pamodzi ndi Fatsani, bambo mnzanga wa ku Dedza amene ankatsuka magalimoto. Fatsani anali wapakamwa, munthu woti ngakhale pamaliro mumukhazike kutali. Chichewa changa ankachiseka tsiku ndi tsiku, ati ndimachiyankhula nditabereka Chitumbuka kumsana. Koma ndikadwala ndiye ankandiphikira, ndipo nthawi imene ndinali ndisanapeze ntchito sanandionetsepo nkhope yoipa pa chakudya.

Majombo amene anandipatsa ku kampani ya ulonda anali a munthu wina amene anasiya ntchito, munthu wa phazi laling'ono kuposa langa. Nditadandaula, supavaiza anandiuza kuti kampani si sitolo ya nsapato. Ndinatola kreti ya zakumwa yosweka n'kumakhalapo magalimoto akachepa. Supavaiza uja ataiona anaiponya m'galimoto yake, ati mlonda wokhala pansi amaoneka ngati wopemphapempha ndipo makasitomala sakondwa. Munthu ameneyo ankanena zimenezi atakhala phee pa mpando wawofuwofu, atangotsitsa zenera. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwira.

Pofika madzulo zidendene zinkakhala ngati ndaponda makala. Ndikavula majombo, zala zinkatuluka zitakwerana, ndipo kuchoka pa mphasa kupita pa mpopi unali ulendo wofunika kuuganizira kaye. Tsiku lina ndinalowa mu famase imene inali pa mashopu omwewo. Munali mayi wina wachikulire wa magalasi amene ankandipatsa moni akamadutsa pa geti, chinthu chosowa kumeneko. Ndinamulozera mapazi. Anandifunsa ngati pali bala, ndinati ayi, ndi kuima kokha. Ananditengera kachubu koyera pa shelefu imene aliyense amangotengapo popanda chikalata cha dokotala.

"Awa ndi a ululu waung'ono, wa kutopa ndi kusupuka," anandiuza m'Chingerezi chake chodekha. "Ena amati amawathandiza, ena amati ayi. Yesani. Koma pakhungu pakakhala potseguka musapake, ndipo ululu ukapitirira mupite kuchipatala."

Pa kachubupo panali liwu lalitali limene lilime langa silinaligonjetsepo, homiyopafiki. Fatsani analitembenuzatembenuza, kenako anawomba m'manja.

"Taonani amwene, koyambirira kwakeku alemba homu. Ndiye kuti awa ndi mafuta a anthu olakalaka kumudzi. Mukangopaka, mapazi aloza okha ku Mzimba."

Kuyambira pamenepo tinkangowatcha mafuta a homu. Tikaweruka tinkatenthetsa madzi, n'kuviika mapazi m'beseni limodzi, ake oyera ndi sopo wa magalimoto, anga otupa ndi simenti ya pa geti, kenako n'kumasisita ndi mafutawo. Anali ozizirira, opanda fungo lililonse, osati ngati mafuta otentha aja a m'kabotolo amene amatulutsa misozi. Ngati ankagwiradi ntchito, kapena inali ntchito ya madzi ofunda ndi kusisita, ine sindikudziwa. Fatsani ankati ngakhale majarini akanachita chimodzimodzi, bola munthu wavula majombo. Mwina ankanena zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti ululu wanga unali wa kutopa, ndipo m'mawa ndinkatha kukaimanso.

Mwezi ukatha ndinkatumiza kumudzi zimene ndapeza. Zinkafikira kwa a Yotamu, iwo n'kumagawa: za njerwa za nyumba yanga, za sukulu, za feteleza wa m'munda mwanga ndi wa m'munda mwawo womwe. Sindinkadandaula, ndi akulu anga. Ndinatumizanso foni yojambula kuti ndiziona ana anga akukula, koma nayonso inakathera m'thumba mwawo. Ati akazi sadziwa kusamala zinthu zotere, komanso netiweki kwathu imangopezeka pachulu chimene chili kuseri kwa dimba lawo. Choncho Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, NyaShaba ankapita pachulupo kudzayankhula nane, alamu ake ali chilili pambali, dzanja lili m'mwamba kudikira foni yawo.

Lamulungu lina, pakati pa nkhani ya mbuzi ndi ya malata, a Yotamu anangoponyamo mawu.

"Mlamu wangayu phazi likumuvuta, koma pachoko waka."

Pachoko waka ndiye kuti pang'ono chabe, ndipo palibe munthu wa ku Mzimba amene anakhalapo kunja osawamva mawu amenewa pafoni. Kwathu timati munthu wa kutali saopsezedwa. Ukamuuza zoona angagwere m'makina, angagundidwe ndi galimoto, angasiye ntchito n'kubwera chimanjamanja. Ndiye chimfine chimakhala pachoko waka, malungo pachoko waka, munthu amene akumuitanira abusa nayenso pachoko waka. Vuto lake n'lakuti phazi longotopa nalonso limakhala pachoko waka, ndipo iwe uli kutsidya la Limpopo ulibe choyezera kuti pachoko ameneyu ndi uti.

Ndinapempha kuti ndiyankhule ndi mwini phazi.

"Ndinaponda chitsa kudimba, adada a Wezi," anatero NyaShaba. Kumbuyo kwake ndinamva akulu anga akutsokomola. "Koma palibe kanthu. Ndikuyenda."

M'mawa mwake ndinapitanso kwa mayi wa ku famase uja. Nditamufotokozera, anavula magalasi n'kundifunsa mafunso amene ndinalibe mayankho ake: pali bala? Latupa? Munthuyo anayezetsapo shuga? Ndinatuluka panja n'kuimba pomwepo.

"Bala la chiyani iwe?" a Yotamu anaseka. "Kangokandika waka. Iwe tumiza mafuta ako umawatamanda aja, mbwenu zatha."

Ndinawauza zimene mayi uja ananena, kuti ngati pali potseguka asapake, apite naye kuchipatala. Ndinabwereza m'Chitumbuka, mawu amodziamodzi, kuti pasadzakhale chonamizira. Ndipo a Yotamu si munthu wosaphunzira. Anafika ku sekondale, kutchalitchi ndi iwo amene amawerenga zolengeza, ndipo Chingerezi cha pa kachubu akanatha kuchiwerenga atatsinzina diso limodzi. Anati, "Yewo, yewo, ndamva." Ndinagula mafutawo n'kuwapatsira a Mhango.

Pasanapite nthawi uthenga unabwera kuti nditumizenso. "Mafuta aja ngamphamvu chomene," anatero akulu anga. "Nawo amama akupaka m'mawondo. Anthu akubwera kudzapempha." Ndinatumiza. Anapemphanso, ndinatumizanso. Koma pachulu paja NyaShaba anasiya kufikapo. Lamulungu ili ali kuchigayo, lotsatira wapita ku maliro kwa anansi, linalo watsala ndi mwana akudwala m'mimba. Mkazi amene ankadikira Lamulungu ngati tsiku lokolola, mwadzidzidzi wakhala wotanganidwa kuposa nduna.

Mtima unayamba kundikayikitsa. Ndinaimbira msuweni wanga amene amagulitsa tomato pa Jenda. Anati, "Tinamva kuti phazi likuwavuta, koma pachoko waka." Ndinaimbira mkulu wa mpingo wathu. Anayamba ndi kundifunsa za nyengo ya ku Joni, kenako anati nkhani za pakhomo pa eni ake ndifunse eni ake. Mudzi wonse, anthu opemphera, anthu amene ndinawatumizirapo majekete ndi mawailesi, onse anali atagwirizana pa mawu awiri omwewo. Aliyense ankadziona ngati akundichitira ulemu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti ulemu umenewo akulipira ndi mkazi amene wagona m'nyumba.

Zinaululika Loweruka lina m'mawa, pamalo pamene matransipota amapakirira katundu. Ndinapita ndi Fatsani kukapereka phukusi lina la mafuta. A Mhango analilandira, analiyang'ana, osaliika m'galimoto.

"Adada, mafuta onsewa mukupaka munthu kapena ng'ombe?"

Ndinati ndi a mkazi wanga, phazi likumuvuta pang'ono. A Mhango anayang'ana kumbali, n'kuyamba kumangamanga chingwe chimene chinali chomanga kale.

"Ulendo wathawu akulu anu sanabwere pa Jenda, ndiye katundu wanu ndinakasiya ndekha pakhomo," anatero. "Koma si ine woyenera kukuuzani. Ine ndine wa galimoto waka."

"Akulu, inu ndinu wa maso," analowererapo Fatsani, ndipo aka kanali koyamba kumumva akuyankhula osaseka. "Munaona chiyani? Munthuyu mukumuuza lero kapena mudzamuuza mutanyamula bokosi?"

A Mhango anapukuta thukuta ndi chipewa. "Nditagogoda, mlamu anatuluka chokwawa. Phazi alikulunga ndi chitenje, ntchentche zili ng'waa. Ndapota, musanene kuti mwamva kwa ine."

Sindikumbuka mmene ndinachokera pamenepo. Ndimakumbukira kuti ndinapita kwa supavaiza kukapempha tchuthi, iye n'kundiuza kuti geti silidwala, ndikachoka mawa paima wina. Ndinavula majombo ake pomwepo, ndinawaika pa boneti ya galimoto yake, n'kubwerera ku mkhukhu ndi masokosi okha. Fatsani anali atalongedza kale zinthu zanga zonse m'chikwama chachikulu chamizeremizere. Anandiperekeza mpaka pa galimoto ya a Mhango, ndipo posiyana anangoti, "Osakamenya munthu, amwene. Mukayambe mwanyamula wodwala."

Sindinaimbe foni kuti ndikubwera. Ndinatsika pa Jenda, ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, n'kufika pamudzi dzuwa lili pamutu. Nyumba yanga inali itaimadi, njerwa zootcha, malata akunyezimira, zimene ndinaimira pa geti zaka zonse zija. Fungo linandichingamira ndisanafike pakhonde. Aliyense amene anadutsapo pamene pafera mbuzi patchire amalidziwa fungo limenelo, ndipo anthu a pakhomo pathu ankadya ndi kugona pafupi nalo.

NyaShaba anali pa mphasa m'chipinda, atawonda mpaka maso okha. Atandiona anayesa kudzuka kuti andilandire chikwama.

"Mwabwera, adada a Wezi," anatero. "Sanandiuze. Ndikanasesa."

Ndinamasula chitenje chija. Zala zinali zitada bii, pansi pa phazi pali dzenje loti chala changa chikanalowa, mafinya akutuluka. Ndipo mozungulira dzenjelo, ngakhale m'kati mwake momwe, munali mafuta oyera aja, opakidwa mosamala, mwachikondi ndithu. Pawindo panali timachubu totha, titandandalikidwa bwinobwino ngati zokongoletsa nyumba.

Amama analowa akuthamanga, akulira ndi chimwemwe kuti mwana wabwera. Ataona nkhope yanga anaima.

"Tinkapaka m'mawa ndi madzulo, mwana wanga, sitinajombepo," anatero. "Mkamwana wanga sitinamutaye. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lino anabwera, anati tipite naye kuchipatala, koma akulu ako anati mankhwala a ku Joni tili nawo kale, a azungu enieni. Kuchipatala angatipatse chiyani choposa amenewa?"

Amama sindinawakwiyire kwambiri. Iwo anakulira m'nthawi imene bulangete la ku Joni linali bulangete, ndipo chilichonse chochokera kumeneko chinkaposa cha kuno. Koma a Yotamu atafika, foni yanga ija ili m'thumba la malaya awo, manja atatambasula kuti andikumbatire, ndinakumbukira mawu a Fatsani ndipo manja anga ndinawaika kumbuyo.

"Akulu, ichi ndiye pachoko?"

"Iwe, munthu amayamba wapereka moni."

"Ndakufunsani, ichi ndiye pachoko waka? Sindinakuuzeni kuti pa bala asapake? Pa kachubupa sanalembe?"

"Zolembazo amangolemba kuti adziteteze," anatero, mawu akukwera. "Mafutawa amama awathandiza mawondo. Ndipo iwe unkafuna tikuuze chiyani? Kuti usiye ntchito nyumba isanathe? Munthu wa kutali sitimuopseza, iwenso ukudziwa. Ife tinakusungira mtima wako."

Anandisungira mtima! Ine ndinawasiyira munthu, iwo n'kusunga mtima wanga ndi malata. Ndikanakhala ndi mphamvu yoseka ndikanaseka. M'malo mwake ndinapita kukhola, ndinamanga ng'ombe pa ngolo ndekha, ndinamunyamula mkazi wanga m'manja n'kumugoneka pa matiresi. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Anthu amene ankati pachoko waka anatuluka m'nyumba zawo kudzaonerera, ena atagwira pakamwa, ngati akuona zachilendo.

Pa msewu tinapeza galimoto yotifikitsa kuchipatala. Namwino amene anatilandira anali mayi wa ku chigawo chapakati, wa Chichewa chosalala. Atamasula phazilo sanakwinye nkhope, anangopuma mozama n'kuitana anzake. Anamubaya chala, anayeza magazi, n'kutiuza kuti NyaShaba ali ndi matenda a shuga, mwina kuyambira kalekale, ndipo ndi chifukwa chake bala la chitsa silinkapola. Ndinamuonetsa kachubu kamodzi kamene ndinatenga pawindo paja. Anakawerenga n'kundibwezera.

"Bambo, awa si oipa pa ntchito yake, koma ntchito yake ndi ya munthu amene mapazi atopa. Bala ngati ili limafuna kutsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo. Akanabwera sabata imene anaponda chitsacho, bwenzi pano akulima."

Dokotala atabwera ananena mosazungulira. Mwendo uyenera kudulidwa m'munsi mwa bondo, ndipo msanga, apo ayi chivundicho chikwera n'kutenga munthu yense. A Yotamu, amene anatitsatira pa kabaza, anayamba kukonza kukhosi.

"Adokotala, nkhani ngati iyi sitingaigamule pano. Tiyenera kukhala pansi monga banja, tiitane a kwawo kwa mlamu, timve maganizo a akuluakulu. Mutipatse sabata."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe, ndipo zimene ndikananena zikanandichotsetsa m'chipatalamo. Koma NyaShaba anandigwira malaya. Sanayang'ane alamu ake, anayang'ana dokotala.

"Dulani, adokotala," anatero motsitsa mawu. "Ndatopa nalo fungoli. Ana anga asiya kulowa m'chipinda mwanga."

Anadula. Ine ndinakhala gadiyani wake, mwamuna ndekha pakati pa amayi pa khitchini ya odikirira odwala, ndikuphunzira kuphika phala lopanda shuga, amayiwo akundiseka kagwiridwe ka mthiko. Kusekako sikunandipweteke. Tsiku lina ndikumusambitsa ndinamufunsa chimene chinkandidya m'mtima, kuti bwanji sanandiuze yekha.

"Ndikanakuuzani bwanji, alamu ali pambali?" anatero. "Foni ndi yawo, chulu ndi chawo. Ndipo iwo atanena kale kuti pachoko, ine mkamwana ndinene kuti akunama? Ndinkati mwina mumva m'mawu anga. Pamene ndinasiya kuyenda, ndinkawatuma kuti akuuzeni. Ankabwera n'kunena kuti mwapereka moni."

Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa wodi mpaka mkwiyo utatsika pang'ono. Sunatsike wonse, ndipo sindikuganiza kuti udzatsika. Anthu amandiuza kuti ndiwakhululukire a Yotamu, kuti sanachite dala, kuti ndi mwambo. Ndikudziwa kuti sanachite dala. Chimene chimandipweteka n'chakuti mpaka pano akafotokoza nkhaniyi amayamba ndi mawu akuti, shuga ndi woopsa chomene, ngati kuti shuga ndiye anali ndi foni m'thumba.

Titatuluka m'chipatala, NyaShaba ali pa ndodo ziwiri, tinapeza abale atasonkhana pakhomo. Ankati abwera kudzazonda wodwala, ndipo ena anabweradi ndi nkhuku. Koma panalinso china. Munthu akachokera ku Joni, chikwama chake chimatsegulidwa pamaso pa abale, aliyense n'kulandira kake, ndipo changa chinali chikadali chomanga pakona chifikire. Azakhali anayamba kuchiyang'anayang'ana. Mapeto ake a Yotamu anati, popeza Mulungu watichitira chifundo ndipo mlamu wabwerera wamoyo, mbwenu mwambo uchitike.

Ndinafuna kukana. NyaShaba, atakhala pa mpando pakhonde, ndodo zake atazitsamiritsa kukhoma, anati, "Tsegulani, adada a Wezi. Anthu adikira."

Ndinatsegula. Zinali zinthu zimene ndinkagula pang'onopang'ono pokonzekera kudzabwera pa Khirisimasi, ndipo Fatsani anangozikankhiramo zonse. Amama analandira bulangete, anaombera m'manja. Ana analandira majuzi. Azakhali nsalu. A Yotamu jekete lachikopa limene anandipempha kangapo konse. Analivala pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, n'kumati yewo, yewo chomene. Kenako dzanja langa linagunda katoni pansi pa chikwama. Ndinali nditaiwala. Ndinayesa kuikankhira pansi pa zovala zanga, koma azakhali anali ataiona kale.

"Nanga iyo? Tulutsani, musatibisire!"

Zinali nsapato zakuda zachikopa, za chidendene chachifupi, zimene ndinamugulira NyaShaba kuti azivala ndi yunifomu yake ya umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi. Wina anatsokomola. Amama anaphimba nkhope ndi bulangete lawo latsopano.

NyaShaba anatambasula manja. Ndinamupatsa katoniyo chifukwa ndinalibe chochita china. Anatulutsa nsapato yakumanzere, anaipukuta ndi chitenje, anawerama n'kuivala. Inamukwana ndendende. Anagwedeza phazi uku ndi uku, akuiyang'ana, ndipo anamwetulira pang'ono.

"Saizi yanga simunaiwale," anatero.

Kenako anatulutsa yakumanja. Anatenga ndodo zake, anadzuka yekha, akukana dzanja langa, nsapatoyo ataipanira m'khwapa. Anadumphira pang'onopang'ono kudutsa pakati pa anthu mpaka pamene panakhala a Yotamu ndi jekete lawo. Kwathu mkazi akamapereka chinthu kwa alamu ake aakulu amagwada, ndipo m'zaka zonse za ukwati wathu NyaShaba sanawapatsepo ngakhale kapu ya madzi ali chiimire. Anaima pamaso pawo, anaigwira nsapatoyo ndi manja awiri mmene akanathera, n'kuiika pamiyendo pawo.

"Iyi ndi yanu, alamu," anatero. "Mundikhululukire, kugwada sindingathe."